Tsiku limene tinazenga mlandu mayi wa m'buku

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku kwaya. Ndinali nditamaliza maphunziro a uphunzitsi, satifiketi ili phee m'sutikesi, ine ndikungotsuka mbale kwa azakhali ku Matawale. Tsiku lina titamaliza kuyeserera nyimbo, mayi wina anandinong'oneza kuti pa sukulu ina ya munthu wamba cha ku Likangala akufuna mphunzitsi wa Chichewa, poti amene analipo ananyamuka ulendo wa ku Joni osatsanzika. M'mawa mwake ndinabwereka nsapato za azakhali n'kupita.

Ahedi anali a Malunga, bambo wamfupi wolankhula ngati akulengeza za maliro. Sanandifunse zambiri. Anandipatsa bokosi la choko, dasita wa nsanza, buku la nkhani zazifupi lopanda chikuto, ndi pamfuleti ya manotsi imene mnzanga wa ku Joni uja anasiya. Anati ndiziphunzitsa fomu folo ya masana, koma teremu yoyamba ndi yongondiyesa. Tsiku lina adzakhala kumbuyo kwa kalasi, ndipo akadzakhutira ntchito ndi yanga.

Kalasi ya masana si ya ana ayi. Munali ogulitsa mumsika, mlonda wa pa sitolo ya amwenye, anyamata a kabaza, ndi atsikana amene anasiyira sukulu panjira chifukwa cha pakati. Ena anali msinkhu wa amayi anga enieni, koma onse ankanditchula kuti madamu, ine manyazi ali tho.

Kwa inu amene simunaphunzitsepo nkhani yaifupi, ntchito yake imayenda chonchi. Mabuku anali ochepa, ndiye ndinkawerenga mokweza onse akumvetsera. Ndikamaliza ndinkagawa bolodi pakati. Kumanzere timalemba khalidwe la mpangankhani, kutanthauza munthu wa m'nkhanimo, kumanja timalemba umboni wake. Ukati munthuyo ndi waulesi, uonetse pamene wagona anzake ali kumunda. Kenako timasaka zipangizo zimene mlembi wagwiritsa ntchito, monga voko pamene wakokomeza dala, kapena msemphano pamene zinthu zachitika mosiyana ndi mmene aliyense amayembekezera. Lamulo la umbonili ine ndinkalikonda mopyola muyeso. Munthu akangoyankha ndinkamufunsa kuti zalembedwa pati, mpaka a kabaza anayamba kundiitana kuti Madamu Umboni ndikamadutsa pa siteji.

Wophunzira amene ndinkamudalira anali Mayi Bwanali. Ankakolopa pa kiliniki ina m'tauni kuyambira m'mawa, masana n'kubwera ku sukulu manja akununkha mankhwala okolopera. Mwini kilinikiyo anawalonjeza kuti akakhoza mayeso a fomu folo adzawatumiza ku kosi, asiye mopu azithandiza odwala. Anali atalembapo kale mayesowo n'kulephera pang'ono, ndipo ulendo uno ankati ndi womaliza chifukwa mutu wayamba kuuma. Masamu ankawavuta, Chingelezi ankachita chokoka, koma Chichewa ndiye chinali chawo. Ine ndinali nditawerengera kale kuti mayiwa akhoza basi.

Nkhani imene inandigwetsa m'mavuto ndi yakalekale, yoti ngakhale aphunzitsi anga anaiphunzira ali ana. Chaka cha njala, mayi wina asiya mwana wake wodwaladwala kwa achemwali ake n'kuwoloka mtsinje kupita kutauni kukafuna ntchito. Mlembi akuti mayiyo sanacheuke. Nkhani imathera pomwepo, kutsidya kwa mtsinje, ndipo za mwanayo satiuzanso kanthu. Mu pamfuleti muja analembamo mwachidule kuti mayiyo ndi wouma mtima ndi wodzikonda, umboni wake ndi woti sanacheuke.

Tsiku limene a Malunga anabwera kudzandiyesa ndinafuna kuonetsa kuti ku koleji sindinapite kukasewera. Kumeneko anatiphunzitsa njira ina yosanthulira mpangankhani: umaika mpando kutsogolo, wophunzira mmodzi amakhalapo ngati ndiye munthu wa m'nkhani uja, anzake n'kumamupanikiza ndi mafunso ngati pabwalo la milandu. Ndinaika mpando, ndinafotokoza, ndipo ndinafunsa kalasi kuti mayi wa m'nkhani akhale ndani. Onse anatchula Mayi Bwanali. Iwo anapukusa mutu, koma m'manja munali mutayamba kale kulira, a Malunga nawo akumwetulira kumbuyoko. Anadzuka, anamanga bwino chitenje, n'kukakhala.

Poyamba kunali kuseka. Yusufu, mmodzi wa a kabaza aja, anafunsa modzikuza ngati loya chifukwa chimene anasiyira mwana. Mayi Bwanali anayankha kuti abwana amene anawalemba ntchito ya m'nyumba anakana zoti pakhomo pakhale mwana wa wantchito. Zimenezi m'buku munalibe, koma ine ndinakondwa, ndimvekere eya, mayiwa alowadi m'nkhani. Mtsikana wina anafunsa chifukwa chimene sanacheukire. Mayi Bwanali anati mwana anali atagona pa mphasa pakhonde, ndipo akanacheuka sakanapitanso, onse akanafera limodzi ndi njala.

Apa m'pamene ndinaona manja awo. Anali atakulunga nsonga ya chitenje pachala mpaka chalacho kutupa. Wina anafunsa kuti ankatumiza chithandizo kapena ayi, iwo anati mwezi woyamba abwana sanawalipire, ndipo wopita ku Jali woti n'kumutuma sankapezeka. Jali? M'buku lija mulibe Jali. Mulibe dzina la mudzi ngakhale limodzi. Ndinazindikira kuti mayiwa akunena za iwo eni. Ndinapita kutsogolo n'kunena kuti zikomo, tiwaombere m'manja, koma a Malunga anatukula dzanja.

"Asiyeni apitirize, madamu. Zafika pokoma."

Ndikanatani ine? Kunena kuti imani, izi si za m'buku, kunali kuwaulula mayiwo pagulu. Kukhala chete kunali kuwasiya pa mpandopo. Ndinangoima pambali pa bolodi choko chili m'manja, ndikupemphera kuti belu lilire. Silinalire. Mlonda uja, bambo wofatsa amene sankalankhula kawirikawiri, anafunsa funso limene aliyense wowerenga nkhaniyo amakhala nalo, lakuti nanga mwanayo anatani.

"Anamwalira," anatero Mayi Bwanali. "Ine uthenga unandipeza atamuika kale."

Yusufu anadzuka msangamsanga kuti andisangalatse. "Madamu, zimenezo m'buku mulibe. Umboni uli pati?"

Anyamata anaseka. Amayi a mumsika sanaseke, anangowerama. Mayi Bwanali anadzuka, ananyamula mpando uja n'kuubweza pamalo pake, anatenga jumbo ya makope awo, anapinda maondo pang'ono podutsa a Malunga, n'kutuluka. A Malunga ataona kuti ndangoti kakasi, anabwera kutsogolo, anatenga choko m'manja mwanga n'kumalizitsa okha phunzirolo. Analemba kumanzere kwa bolodi kuti wouma mtima, wodzikonda, ndipo kalasi inakopera.

Mu ofesi anandigwira chanza. Anati chiyambire sukuluyo sanaonepo phunziro lamoyo chotero, ndipo mayi aja ndi katswiri wa zisudzo. Ndinayesa kuwafotokozera zimene ndinaona, iwo anati ngati zili choncho ndiye kuti phunziro lalowa. Ntchito inakhala yanga tsiku lomwelo. Pobwerera ku Matawale ndinalira njira yonse, anthu n'kumandiyang'ana.

Mayi Bwanali sanabwerenso. Loweruka lina ndinafunsira kumene amakhala, ndipo ndinakwera msewu wopita kuphiri, ndikupatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni. Ndinawapeza akuchapa. Anandiyalira mphasa, anandipatsa mapichesi m'mbale, ndipo anayamba ndi iwo kupepesa kuti anatuluka m'kalasi osatsanzika. Ine ndinawachonderera ndithu. Ndinati mayeso ayandikira, dzina lawo linalembetsedwa kale, ndipo ngati akuchita manyazi ndi kalasi ndizibwera kudzawaphunzitsa kunyumba konkuno ulere.

Anati ine sindinalakwe, ndipo sanandikwiyire. Nkhani ya mwanayo anaikwirira zaka zambiri, ngakhale ana amene anabereka pambuyo pake sakuidziwa, koma tsopano mumsika anthu amasiya kulankhula iwo akamafika. Anati tsiku limene ndinawerenga nkhaniyo koyamba anapirira, koma kuchokera pa mpando paja akangogwira buku lililonse mtima umathamanga.

"Nanga funso limenelo likabwera pa mayeso, madamu, ndilembe chiyani? Ndilembe ndi dzanja langali kuti wouma mtima?"

Ndinati atha kulemba zina, kapena kusankha funso lina. Anangondiyang'ana mwachifundo, monga amachitira munthu wamkulu mwana akamalankhula zimene sakuzidziwa. Ndinakhala pa mphasa paja mpaka nkhungu inayamba kutsika m'phiri, kenako ndinatsanzika. Anandiperekeza mpaka pamsewu. Mayeso atafika, desiki yawo inakhala yopanda munthu.

Ndaphunzitsa nkhani imeneyo zaka zambiri tsopano. Mpando ndimauikabe kutsogolo, koma sipakhala munthu. Mafunso timafunsa mpando, mayankho timasaka m'buku, ndipo ndisanalole kuti liwu loweruza munthu likwere pa bolodi ndimayamba ndayang'ana nkhope za amene akhala chete. Ndinaphunzira kuti nkhani ya m'buku nthawi zina mwini wake amakhala ali m'kalasi momwemo, ndipo sakuuza. Ndinaphunzira mochedwa, ndipo Mayi Bwanali sizinawathandize kanthu. Mwana wanga akadwala ndimapita naye ku kiliniki kuja. Amandipatsa moni bwinobwino, amati mwaswera bwanji madamu, kenako amasuntha ndowa ndi mopu kuti ndidutse.