Msomali umene ndinabisa mu jombo

Chizindikiro choyamba chinali nsagwada. Linali Loweruka m'mawa, tsiku lathu la Sabata, chakumapeto kwa Januwale, ndipo ndinkafuna kuluma chinangwa chophika koma pakamwa panangotseguka pongolowa chala chimodzi. Ndinaganiza kuti ndi dzino. Akazi anga, mayi a Esinati, anandiseka kuti mwina Mulungu watopa ndi kulongolola kwanga. Nane ndinaseka nawo, ngakhale kusekako kunkandikoka m'khosi. Panali patadutsa masiku asanu ndi anayi chichitikireni mphepo yamkuntho imene inatisasulira denga, ndipo sizinandibwerere m'mutu kuti ziwirizi n'zogwirizana.

Ine ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo timakhala ku malayini, nyumba za kampani zomangidwa mondondozana. Tili ndi mwana mmodzi, Esinati, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu. Tsiku la mphepolo linali Lachinayi. Amayi ake anali atapita ku Thekerani kukazonda matenda, choncho mwana anatsala ndi ine, ndipo ndikakhala kumunda ankasewera pabwalo aneba akumuyang'anira.

Kunacha kotentha modabwitsa, kopanda kamphepo n'komwe. Cha m'ma teni mitambo inada bii, ndipo tinaona kamvulumvulu woyamba. Tonse timam'dziwa kamvulumvulu wa m'chilimwe, wongonyamula fumbi ndi mapepala. Uyu anali wina. Anatsika kuchokera mu mtambo, wakuda, akulira ngati mathirakitala ambiri, n'kulowa m'nkhalango ya bulugama kutsidya kwa dambo. Mitengo ikuluikulu inkathyoka tikuona. Kenaka anazimirira, ndipo akapitawo anati zapita, tipitirize ntchito. Tinapitirizadi, koma manja okha ndi amene ankathyola tiyi, maso anali ku malayini.

Wachiwiri anabwera nkhomaliro isanakwane. Nditaona komwe ankalowera ndinataya dengu pansi n'kuliyatsa liwiro. Jombo zinkandilemera m'matope, ndinazivula panjira. Ndinapeza ana akuthawira uku ndi uku, Esinati ataima yekha pakati pa bwalo akulira, nsapato imodzi ili m'manja. Ndinamunyamula n'kulowa naye m'nyumba, kumukankhira kunsi kwa bedi, ine n'kugona kumbali kwake kumutchinga. Sindiname, mantha amenewo sindinawamvepo chibadwire. Denga linanyamuka kamodzin'kamodzi, ndinangoona m'chipinda mwawala, mvula ikutigwera. Mwana anandigwira kolala n'kumafunsa, "Ababa, tifa?" Ndinamuyankha kuti ayi, chikhalirecho nanenso sindinkadziwa.

Kutachita bata tinatuluka. Malata ndi matabwa zinali mbwee pabwalo ponse. Ndili ndi mwana m'manja ndinaponda thabwa la denga, msomali wadzimbiri n'kundilowa kuphazi lamanzere. Ndinauzula ndili chiimire, mwana osamutsitsa, chifukwa anthu ankakuwa kuti kukubwera wina. Wachitatuyo anadutsa chapatali, ife titadzazana mosungira feteleza, poti ndi momwe munali molimba.

Esinati anali atachekeka pachipumi, ndiye madzulo omwewo ndinakatola jombo zanga panjira paja, n'kuvala, n'kupita naye ku kiliniki ya pa esiteti. Anesi anamutsuka, anamumata bandeji, anatsegula buku lake la kusikelo n'kunena kuti katemera wake ndi wokwanira. Kenaka anandifunsa, "Nanga inu bambo, palibe pomwe mwavulala?" Ndinayang'ana pamzere. Panali mayi wothyoka mkono, panali mkulu wina magazi ali chuchuchu kumutu. Ndinachita manyazi kuvula jombo kuti ndionetse kabowo kochepa ngati njere ya mapira. Ndinati, "Ine ndili bwinobwino, onani mwanayu." Apo ndi pomwe ndinalakwitsa, ndipo sindinganamizire munthu aliyense chifukwa anandifunsa.

Kunyumba ndinathirapo parafini ndi mchere monga timachitira. Januwale ndi mwezi umene tiyi amaphuka mopanda chisoni, ukajomba masiku awiri munda umakusiya. M'mawa ndinkathyola, masana tinkakhoma madenga, phazi lili m'jombo yonyowa tsiku lonse. Paja timati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Bala linatsekeka pamwamba ndipo ndinaliiwala. Mayi a Esinati atabwera sindinawauze n'komwe.

Tsiku lotsatira Sabata lija khosi linauma ndipo kumeza malovu kunayamba kuvuta. Lolemba ndinakakamira kupita kuntchito. Ndili pakati pa munda, lole yodzatenga tiyi inaliza hutala. Thupi langa lonse linakokeka nthawi imodzi, msana unapindikira kumbuyo, mano analumana, ndinagwera m'tiyimo. Chowawa cha matendawa n'chakuti sukomoka. Umamva zonse, umaona anzako akukuzungulira, koma sungawauze kanthu.

Galimoto ya kampani inanditengera ku chipatala cha mishoni. Adokotala atandiyeza nsagwada ndi pamimba anafunsa akazi anga ngati ndinavulalapo masiku apitawa. Iwo anakana, poti sankadziwa. Ndinayesetsa mpaka ndinaloza phazi ndi chala. Sindidzaiwala mmene anandiyang'anira mayi a Esinati. Adokotala anati ndi kafumbata. Anafotokoza kuti tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda bala lakuya lotsekeka pamwamba ngati langalo. Anatinso, "Amayi amabayidwa katemera ali oyembekezera, ana amabayidwa kusikelo. Abambo ndi amene amatipeza zitafika apa." Sanatibisire kuti ena sachira, chifukwa kukokekako kukafika pachifuwa munthu amalephera kupuma.

Anandigoneka m'kachipinda kandekha, mazenera atatchinga ndi mabulangeti, m'makutu atandiika thonje. Phokoso lililonse, kuwala kulikonse, ngakhale munthu kugunda bedi, zinkadzutsa kukokeka kuja. Balalo analitsegulanso n'kulitsuka. Mankhwala ankalowera m'dilipi, ena opha tizilombo, ena ofewetsa minofu amene ankandigoneka tulo tolemera. Phala lamadzimadzi linkadutsa m'kachubu ka m'mphuno. Pakapita maola awiri anesi ankabwera mwakachetechete kudzanditembenuza kuti ndisachite zilonda kumsana. Mayi a Esinati ndi amene anali gadiyani wanga. Ankagona pansi pa chitenje, ankayenda opanda nsapato kuopa phokoso, ndipo nthawi iliyonse ndikakokeka ankalemba kamzere papepala kuti adokotala adzaone m'mawa. Masiku oyambirira pepala limodzi silinkakwana.

Pachipatalapo pali chizolowezi choti Sabata masana a mpingo amayenda m'mawodi kuimbira odwala. Anzanga a kutchalitchi kwathu anabwera atakonzekera nyimbo, koma anesi anawaimitsa pakhomo. Akazi anga anadzandinong'oneza kuti aima pakhonde, anthu oposa khumi, akupemphera chamumtima popanda wotulutsa mawu. Ndinalira. Misozi inkatsikira m'makutu n'kunyowetsa thonje, ine osatha kukweza dzanja kuti ndipukute.

Esinati anali kwa azakhali ake ku Khwethemule, poti ana saloledwa m'chipinda chotero. M'mdima umenewo ndi iye amene ndinkamuganizira. Sindinkaopa imfa kwenikweni, ndinkaopa kumusiya ali ndi zaka zisanu. Ndinkawerenga zinthu zimene sindinamuphunzitse, ndipo ndinkadzida ndekha chifukwa cha kuuma mutu kwanga. Tsiku lakhumi kukokeka kunandigwira pachifuwa, mpweya unatha, ndinamva anesi akuthamanga ndi mankhwala. Pambuyo pake akazi anga anandiuza kuti milomo yanga inali itada, ndipo iwo anali atayamba kale kuganiza za amene angamutume kukauza abale.

Mulungu ndi wabwino. Mu mlungu wachitatu mizere ija inayamba kuchepa papepala. M'mawa uliwonse anesi ankandiyeza pakamwa ndi zala zanga zomwe: chimodzi, kenaka chimodzi ndi theka, kenaka ziwiri. Anachotsa bulangeti limodzi pazenera, patapita masiku anachotsa linalo. Kachubu anakachotsa mu mlungu wachinayi, ndipo supuni yoyamba ya phala ndinaimeza akazi anga atandigwira mutu. Kuyenda ndinachita kuphunziranso, kugwira bedi, kugwira khoma, mpaka kufika pakhonde. Ananditulutsa patatha milungu isanu. Ndisanatuluke anandibaya katemera, ati kudwala kafumbata sikumuteteza munthu kuti asadwalenso, ndipo anandilembera masiku odzabayitsa wina.

Nditafika ku malayini Esinati anandithawa. Ndinali nditatha thupi, ndevu zili nyankhalala, ndikuyenda ndi ndodo. Anabisala kumbuyo kwa amayi ake n'kumandisuzumira. Azakhali ake anatiuza kuti masiku onsewa ankakana kudya, ankati akuluakulu akumunamiza, abambo ake anamwalira. Sindinamukakamize. Ndinakhala pakhonde n'kumangomuyang'ana. Patapita nthawi anabwera yekha, anandigwira tsaya ndi kadzanja kake, n'kukhala pamwendo panga mpaka anagona.

Pano patha chaka ndi miyezi ingapo. Ndinabwerera kuntchito, poyamba yopepuka yosankha masamba pasikelo ya tiyi, kenaka m'munda. Kukazizira msana umandiuma ndipo sindithyola ngati kale, koma ndili moyo ndipo katemera ndikutsata masiku ake. Esinati ali sitandade wani. Mitambo ikada amabwera kudzaima pafupi nane, nanenso mtima umagunda, sitibisirana.

Abambo anzanga, makamaka inu a m'minda ya tiyi amene mumakhalira m'matope ndi zikwanje, ndikupempheni. Msomali, waya, lata kapena chitsa chikakulasani, tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse za katemera wa kafumbata. Parafini musiyireni nyali. Bala laling'ono lakuya ndi loopsa kuposa lalikulu looneka. Nsagwada kapena khosi zikayamba kuuma, musadikire kuti kuche kawiri. Ndipo pakagwa tsoka, mukathamangira kuchipatala ndi mwana, dzionetseni nanunso.

Mayi a Esinati sanandikalipire ngakhale tsiku limodzi m'chipatala muja. Anadikira mpaka nditayamba kuyenda popanda ndodo. Tsiku lina masana tikusenda chimanga pakhonde, mwana akusewera chapatali, anasiya chimanga n'kundiyang'ana. Anati, "Bambo a Esinati, tandiuzani. Mukanapita, ine ndikanamuuza chiyani mwanayu akadzakula? Kuti abambo ake anapulumuka kamvulumvulu n'kufa ndi manyazi?"