A Vulani a ku Brakpan

Pa shedi yopinda malata ku Brakpan, ku Joni kuja, a Hamidu agwirapo ntchito zaka khumi ndi ziwiri osadulidwa ngakhale chikhadabo, ndipo musaone ngati n'zamasewera. Anachoka ku Mangochi ali osoka nsapato, anayamba ndi kusesa, mpaka abwana anawapatsa chimakina cha mipukutu iwiri yachitsulo, chomwe chimameza lata lowongoka n'kulilavula litapindika.

Bambowa ndi anthabwala, koma akafika pa makina, eee, nkhope gwa! Wotchi amaika m'thumba, malaya amapinda mpaka m'zigongono. Lachisanu akachokera ku mzikiti, mkanjo umayamba wapachikidwa pa msomali. "Makinawa sadziwa kuti ili ndi lata, uyu ndi Hamidu," amatero.

Chaka chatha mlongo wawo Fadila anaimba foni kuti amuna ake, a Zuberi, akubwera ku Joni. "Achimwene, ndakupatsani munthu wamphumphu, mudzandibwezere wamphumphu." A Hamidu anawapezera alamu awowo malo pa shedi pomwepo, koma mtima sunakhale pansi.

Mwezi wa Juni kunazizira koopsa. A Zuberi, munthu wozolowera kotentha, anagula magolovesi aulusi ku Tsakane, akuluakulu ngati a goloboyi. M'mawa wina makina atazimitsidwa, anapisa dzanja lamanja pakati pa mipukutu kuti achotse kachidutswa ka lata, ulusi n'kukodwa pamenepo. Abale inu, m'malo mosiya anayamba kukoka pang'onopang'ono, kumvera chisoni golovesi yatsopano!

A Hamidu ataona, anakuwa. "Alamu, vulani! Vulani msanga!"

Anaiwala kuti ali ku Joni. Pa switchi panaima Bheki, Mzulu wogwira nawo ntchito, munthu womvera kwambiri. M'chiyankhulo chake kuvula ndi kutsegula, ndipo pa makina ndi kuyatsa. Atangomva akuluakulu akuti vulani, iye batani dii!

Onse awiri anamvera. A Zuberi anasolola dzanja, makina anabangula, golovesi inalowa n'kutulukira kuseri itaphwatalala ngati tsamba la fodya. A Hamidu anadumphira batani lofiira lozimitsira, kenako anangokhala pansi pa simenti. Anachita mantha omwe sanawamvepo chibwerereni ku Joni. Bheki ankalumbira kuti wachita zomwe wauzidwa, ndipo sananame ayi. Kuseka kunadzabwera pa nthawi ya tiyi, anthu mpaka kugwira nthiti, koma tiyi wa a Hamidu anazizirira m'kapu.

M'mawa mwake anafika ndi loko yomwe anachotsa pa chikwama chawo cha maulendo. Anagwirizana ndi abwana kuti aliyense wofuna kupisa dzanja m'makina aziyamba wakhoma switchi, kiyi m'thumba mwake. Magolovesi ndi onyamulira malata basi. Bheki anaphunzira kunena kuti yatsa ndi zimitsa, ngakhale amazitchula ngati wameza mbatata yotentha. Dzina lokha ndilo linakanirira: shedi yonse, ndi abwana omwe, imaitana a Hamidu kuti a Vulani, iwo n'kumayankha akumwetulira.

Chinatsala n'kuuza Fadila, nkhani isanakafike kumudzi ndi mchere wa ena. Lamlungu masana a Hamidu anaimba okha.

"Mlongo, ndikanakulumalitsira mwamuna. Makinawo ndinayatsa ndine, ndi pakamwa pangapa."

Anafotokoza zonse.

"Apatseni foni," anatero Fadila.

A Zuberi analandira, akukanda m'mutu.

"Mwaigwira ndi dzanja liti foniyo?"

"Lamanja."

Fadila anafwenthera kawiri, kenako anaseka. "Alhamdulillah. Muzizizidwa choncho, bambo inu. Golovesi ina musagulenso."