Kambale ka mtedza ka amayi

Kambale kaja kadakalipo. Ndi kachitsulo, koyera, kosupuka m'mphepete, ndipo masiku ano ana anga amamwetseramo anapiye. Ndikakaona ndimakumbuka tchuthi cha Ogasiti, chaka chimene mpingo unasankha amayi kuti atsogolere msonkhano wa achinyamata pa sukulu ina kufupi ndi Nsaru. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kanali koyamba kuti ndiloledwe kukagona nawo kumeneko.

Amayi sankadziwa kuwerenga. Nyimbo ndi mavesi zinali m'mutu mwawo, koma ndi pepala sankamvana. Aphunzitsi amene ankathandiza kukonza msonkhanowo anabwera ndi kope la mayina. Amayi analilandira ndi manja awiri, n'kulibweza ndi manja awiri omwewo. Anali ndi njira yawoyawo. Wachinyamata aliyense akafika, kaya wa ku Kabudula, ku Nambuma kapena ku Mpingu, ankamufunsa dzina, kumuyang'anitsitsa, kenako n'kusankha m'thumba mtedza umodzi wamakoko n'kuuponya m'kambale. Mnyamata wina wamtali anamusankhira wa njere zitatu. Mtsikana wosekaseka wa masaya aakulu, wake unali wofufuma ngati mwini wake. M'mawa uliwonse ankakhuthulira mtedzawo pachitenje n'kumatola umodziumodzi, akutchula dzina ndi kupempherera mwini wake. Amalume, amene anabweretsa nkhuni pangolo, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mlongo wanga, khoswe akalowa muno ndiye kuti mpingo wonse watha!"

Inali sabata yokoma. Atsikana tinkagona m'kalasi imodzi, anyamata ina, pamphasa zonunkha choko. Mphepo inkalowa pamawindo opanda magalasi itanyamula fumbi la m'minda yokolola kale, milomo n'kumang'aluka. Belu lathu linali mkombero wa galimoto wopachikidwa pamtengo wa mango. Likalira tinkathamangira phala lothira nsinjiro, kenako kuimba mpaka mawu kusasa.

Tinamva kuti tsiku lotsekera amayi adzathokoza aliyense payekhapayekha pamaso pa makolo. Basi, mtima wanga unakakamira pomwepo. Ndinene zoona, sabata imeneyo sindinatumikire Mulungu ayi, ndinkatumikira maso a amayi. Kumjigo ndinkafika woyamba. Tsache ndinkaligwira ndikaona kuti akubwera. Ndinaloweza salimo lathunthu, lalitali dala. Ndinkafuna kuti dzina langa lituluke m'kamwa mwawo anthu onse akumva, poti kunyumba ankangonditchula pofuna kundituma.

Lamlungu masana makolo anadzaza pansi pa mango. Amayi anaimirira ndi kambale kawo. Ankatola mtedza, kuuyang'ana, kuitana mwini wake, n'kunena kanthu kamene anaona. Kwa mnyamata wamtali uja anati, "Inu munafunditsa mnzanu wodwala malungo bulangete lanu, inu n'kugona ndi jekete. Munkayesa sindinaone eti?" Wina, amene tonse tinkadziwa kuti anabwerera atsikana, anamuuza kuti, "Chimene chinakubweretsani tikuchidziwa, koma besi mwaimba bwino. Chaka chamawa mubwerenso." Anthu anafa nalo phwete. Mtsikana wina amene anapemphera mokweza koyamba m'moyo wake analandira wake akulira, mayi ake akuimba nthungululu. Aliyense ankagwada n'kulandira kamtedza kamodzi ndi manja awiri. Aphunzitsi ankatsatira ndi chala m'kope muja, koma atafika pakati anangolitseka.

Mtedza unkachepa, ine ndikukonza diresi kuti ndikagwade bwino. Unatsala utatu, kenako umodzi. Amayi anautola n'kuitana munthu wina. Atatero anavundikira kambale kaja, n'kuyambitsa nyimbo yotsekera. Nyimboyo ine sindinaimbe nawo.

Pobwerera kumudzi tinkayenda pambuyo pa ngolo, ine nditatupa. "Kodi uyu alumidwa ndi mavu?" anafunsa amalume. Ndinapirira mpaka padambo, pomwe misozi inandigonjetsa.

"Amayi, mwandiiwala."

Anaima. Anamasula mfundo ya pangodya ya chitenje chawo, pamene ankamangapo zinthu zosayenera kutayika. Munali kamtedza kakang'ono ka njere imodzi.

"Wako ndi uwu. M'kambale muja munali ana obwereka. Ndinabwereka kwa makolo awo, lero ndathokoza, ndabweza. Nanga iwe ndikubweze kwa yani?"

Anakamanganso pamfundo paja, n'kupitiriza ulendo.

Lero misonkhano yotereyi ndimatsogolera ndine. Mayina ndimasunga m'foni, ndipo sindinafikebe pa luso la amayi loona bulangete limene wina wafunditsa mnzake mwakachetechete. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anakhala nawo koyamba. Pothokoza, nditafika pa dzina lake ndinalidumpha, ndipo m'pamene ndinamva bwinobwino zimene ndinauzidwa padambo paja.

Koma tsiku limenelo sizinandilowe. Ndinayenda njira yonse ndikung'ung'udza chamumtima, poti chimene ndinkaona chinali chimodzi: anzanga onse adya mtedza wawo, wanga amayi andimana.