Nthabwala ya Mayi Chipeso Itafika Kukhoti

Aliyense wa mumsewu uja amawadziwa Mayi Chipeso. Saluni yawo ndi kachipinda kamodzi pafupi ndi khonde la wosoka nsapato: mipando itatu, galasi long'aluka pakona, ndi makina oumitsira tsitsi omwe sayamba kulira osawapatsa kaye mbama. Akhalamo zaka makumi awiri ndi zitatu. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, poti amatha kugudubuza madirowa onse kufuna chipeso, chipesocho chili m'mutu mwawo momwe.

Manja awo ndi ofewa, koma pakamwa, abale, pamenepo ndiye panalibe chitseko. Munthu sankatuluka m'saluni muja nthiti zisanamuwawe. Ankaseka aliyense, koma amene ankamuseka koposa ndi mlongo wawo, Mzime. Anamulera okha makolo atamwalira, iwo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, iye akadali wamamina. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Analuka mitu yosawerengeka kuti mwanayo aphunzire kuwotcherera zitsulo, ndipo atatsegula kamalo kake kumapeto kwa msewu, anayamba kumutcha bambo a moto. Akamadutsa ankamukuwira kuti, "Bambo a moto, lero mwapsereza chiyani?" Iye ankangogwedeza mutu n'kumapita.

Lamlungu lina masana, nyumba yosungiramo matabwa yoyandikana ndi malo a Mzime inapsa yonse. Lolemba lake saluni inadzaza, nkhani ili ya motowo, ndipo Mayi Chipeso anaseketsa anthu monga mwa masiku onse n'kuiwala. Lachinayi apolisi anabwera kudzamutenga Mzime. Zinkadziwika kuti anakanganapo ndi mwini matabwa pa nkhani ya mpanda.

Anamupatsa loya woti amuimirire. Bambo ameneyu ine sindimukhululukira. Anakumana ndi Mzime kamodzi kokha, pakhonde la khoti, mphindi zisanu, ndipo kawiri konse anamutchula dzina la munthu wina. Mzime anamupatsa chiphaso cha kuchipatala chosonyeza kuti Lamlungu lija anali pamzere ndi mwana wake wamkazi amene anatentha thupi, tsiku ndi nthawi zolembedwa bwinobwino. Loyayo anachipinda panayi n'kuchiponya m'thumba la jekete.

Mboni yoloza Mzime inali imodzi, mlonda wa pamatabwapo. Iye anati, "Ndinauzidwa kuti anamuona akudumpha mpanda atanyamula chigubu."

Woweruza anatembenukira kwa loya uja kumufunsa ngati ali ndi funso. Loyayo anadzuka theka, maso ali pafoni.

"Ndilibe funso, bwana."

Ananena mawu amenewa katatu tsiku limenelo, ndipo kuyambira pamenepo Mayi Chipeso sanamutchulenso dzina lina koma Ndilibe Funso. Chiphaso chija sichinatuluke m'jekete. Mzime anamulamula kukakhala kundende zaka zisanu ndi zinayi, mwana wake ali ndi zaka zinayi.

Mayi Chipeso analira, anatukwana, kenako anapukuta maso n'kuyamba kuyenda m'maofesi. Patatha chaka, mlandu wa apilo unagwera m'manja mwa loya wina, mtsikana wochepa thupi, wa tsitsi losasamalika lomwe linawapweteka mtima atangoliona. Anabwera yekha kusaluni ndi mpukutu wa zolemba za kukhoti.

"Amayi, mboni imayenera kunena zimene inaona ndi maso ake," anatero loyayo. "Zongomva si umboni, chifukwa amene akuti anaonayo palibe angamufunse. Loya wanu uja anayenera kuimirira n'kukana. Sanatero, ndipo chiphaso sanachipereke. Koma majaji akandifunsa kuti, akanaimirira, chikanasintha n'chiyani? Tikanamudziwa amene anauza mlondayo, tikanakhala pabwino."

"Mwana wanga," anatero Mayi Chipeso, "malamulo ndi anu, koma kumasula zopotana ndi ntchito yanga. Tsitsi lolukidwa sulimasula poyambira kutsinde, umamupweteka munthu. Umayamba kunsonga, pang'onopang'ono, mpaka ufike pakhungu. Ndipatseni sabata."

Nsonga inali mlonda. Anamupeza pageti la malo ena kumene anasamukira, ndipo anakhala naye pabenchi ngati alibe kopita.

"Achimwene, sindinabwerere ndewu. Ndingofuna kudziwa, anakuuzani ndani?"

Mlondayo anazungulirazungulira, koma pomaliza anaulula kuti anamva kwa wosoka nsapato. Za kudumpha mpanda anavomera kuti anangoganiza yekha, poti geti linali lokhoma.

Wosoka nsapato! Munthu amene ankapatsana naye moni m'mawa uliwonse. Atamufunsa, bamboyo anabaya nsapato pamalo olakwika, n'kunena kuti iye anamva kwa akazi ake. Nanga chigubu? Chigubucho, anatero akuyang'ana pansi, mwina anachiwonjezera ndi iyeyo, poti moto waukulu chonchija sungayake ndi machesi okha.

Anaitana mkazi wa wosoka nsapato kuti amuluke. Mayi Chipeso amadziwa kuti munthu amene mutu wake uli m'manja mwako sathawa. Anadikira mpaka atafika pakati pa mutu, ndipo anafunsa mofatsa, "Kodi inu mayi, zija za mlongo wanga munamva kwa ndani?"

Mayiyo anawayang'ana m'galasi modabwa.

"Aa, amayi, si kwa inu nomwe? Lolemba lija, ine nditakhala pampando uwu. Munati, 'Kaya si bambo a moto athuwa, poti mpanda uja unkawasowetsa tulo.' Tonse tinaseka. Ine ndinangokauza bambo kunyumba."

Chipeso chinagwa pansi. Anakumbukira zonse, ngakhale mtundu wa meshi imene anali nayo m'manja tsiku lija. Anamaliza mutuwo osalankhula, zomwe zinali zisanachitikepo chitsegulire saluniyo, n'kutseka chitseko dzuwa likadali pamutu. Manyazi anawagwira, ndipo mtima unawawawa kuposa tsiku la chigamulo. Chaka chathunthu anakhala akutemberera munthu wabodza amene anamangitsa mlongo wawo, osadziwa kuti amamuona m'galasi tsiku ndi tsiku.

Akanatha kukhala chete, palibe akanawakakamiza. Koma Loweruka anapita kundende, ndipo anamuuza Mzime zonse kudzera pawaya wotchinga pakati pa akaidi ndi alendo. Iye anasisita zipsera za m'manja mwake.

"Achemwali, pakamwa panupo ndinkanena ine," anatero. Kenako anapumira m'mwamba. "Chabwino. Pomwe panandilowetsapo, pakanditulutse."

Loya wachitsikana uja analemba mawu a anthu anayi onsewo, aliyense n'kulumbira. Anakatenganso kaundula wa kuchipatala. Analembera Ndilibe Funso kalata yokhala ndi mafunso khumi ndi limodzi, ndipo poyankha bamboyo anatumiza chiphaso chija, chidakali chopindidwa panayi. Bwalo lalikulu linalola kumva umboni watsopanowo.

Tsiku la apilo majaji anali atatu. Mlonda analoza wosoka nsapato, wosoka nsapato analoza akazi ake, akazi akewo analoza Mayi Chipeso. Iwo anaimirira m'bokosi la mboni. Loya wa boma anawafunsa, "Mayi, kodi simukunama kuti mupulumutse mlongo wanu?"

"Bwana, ndikanafuna kunama ndikanasankha bodza londikometsa," anayankha. "Ine sindinaone kanthu. Lamlungu lija ndinali kunyumba ndikuchapa matawulo. Ndinanena zija kuti anthu aseke. Nthabwala yanga inachoka m'saluni ili yokhayokha, pofika kuno inali itanyamula chigubu ndipo ikudumpha mipanda. Munthu mmodzi akanangofunsa kuti 'anakuuzani ndani,' mukanandipeza chaka chatha, ndili pompano pamphuno panu."

Jaji wapakati, mayi wa imvi, anavula magalasi n'kuwayang'ana kwa kanthawi. Powerenga chigamulo sanasunge munthu kumaso. Anati mawu a mlonda sanayenere kulandiridwa n'komwe, ndipo bwalo loyamba linalakwa kuwatsamira. Anati munthu amene loya wake sanafunse funso ngakhale limodzi, n'kusunga umboni womupulumutsa m'thumba la jekete, ameneyo anaimbidwa mlandu ali yekha. Chigamulo chija anachifafaniza, ndipo analamula kuti Mzime atuluke tsiku lomwelo.

Mayi Chipeso anafuna kululuta, koma loya wawo anawagwira dzanja. Analulutira panja, pamasitepe, mpaka apolisi a pageti anaseka. Kamwana ka Mzime kanayamba kabisala kuseri kwa mayi ake, kenako kanazindikira bambo ake ndi mawu n'kuwathamangira. Loyayo asanathawe, Mayi Chipeso anamugwira n'kumuuza kuti mawa afike kusaluni, chifukwa munthu wopambana mlandu sangamayende ndi mutu wotere.

Masiku ano saluni ija idakadzaza, ndipo anthu amasekabe. Koma wina akangoyamba kuti, "Mwamva?" Mayi Chipeso amaimitsa manja n'kufunsa, "Munaona nokha, kapena anakuuzani ndani?" Ena amanyansidwa nazo, iwo alibe nazo ntchito.

Chinthu chimodzi chokha chinawavuta. Kwa mwezi wathunthu Mzime akamadutsa, iwo ankangomupatsa moni waulemu ngati mlendo. Tsiku lina iye analowa ndi zida zake, anamasula makina oumitsira tsitsi aja, anawotcherera kachitsulo kena, ndipo makinawo analira popanda mbama. Mayi Chipeso anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

Mzime anapukuta manja n'kuwayang'ana.

"Nenani, achemwali. Kundende kuja n'zimene ndinkazisowa."

Misozi ili m'maso, anamufunsa kuti, "Bambo a moto, lero mwapsereza chiyani?"