Khutu Langa Linakaona Lusaka

Ndinanyamuka kwathu ku Chinsapo Lachiwiri m'ma 6 koloko m'mawa, K47,000 nditaisokera m'kathumba mkati mwa siketi. Agogo, amene anandilera chimwalirireni amayi ndili ndi zaka zinayi, anandiperekeza mpaka pasiteji akulankhula njira yonse.

"Iwe Esnati, usakadye nyama za m'njira. Ndipo ndalamazo usamazigwiregwire, akuba amayang'ana dzanja."

Ulendowu unali wa khutu. Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri agogo anandiboola makutu ndi singano yootcha pamoto. Lakumanja linapola bwino. Lakumanzere linamera chotupa cholimba, chimene chinayamba ngati njere ya mtedza n'kufika ngati dzira la nkhunda. Sichipweteka, chimangoyabwa kukatentha, koma chinandiveka duku kuyambira Sitandade 7. Tsopano kunali kutatsala milungu isanu kuti chinkhoswe changa chichitike, ndipo ndinkafuna ndikaime pamaso pa akuchimuna mutu uli pamtunda.

Dokotala wa pachipatala china cholipira mu Lilongwe momuno anali atandilembera K45,000. Ndalamayo ndinali nayo, ya zaka ziwiri zosoka mayunifomu ku Kawale kuphatikiza ya chipereganyu. Koma Mayi a Shakira, oyandikana nawo nyumba, amene amakapikula nsapato ndi zitenje ku Zambia, atamva anaomba m'manja.

"Fote faifi? Akuberani dzuwa likuswa mtengo! Mphwanga anamuchotsa chotere ku Lusaka, twente faifi basi ya kwathu kuno. Mwanawe, chinthu chilichonse chimatchipa kopikula."

Ndinaona kuti yotsalayo ikhoza kugula malata angapo, poti kuchipinda kwa agogo kumadontha. Ndinakatenga chikalata chodutsira paboda cha ulendo umodzi, Mayi a Shakira n'kundipatsa kakhadi ka chipatalacho.

Minibasi yopita kudepoti inali K50. Ya ku Mchinji inali K400, ndipo inkaoneka ngati yadzaza. Titakhala ola lathunthu ndinazindikira kuti amuna anayi a mpando wakumbuyo sanali paulendo: pakakwera munthu, mmodzi ankatsika mwakachetechete n'kukalandira kangachepe kwa kondakitala. Tinanyamuka 9 koloko. Pa Namitete ndinagula chimanga chootcha cha K20, ndipo tinafika pa Mchinji dzuwa lili paliwombo. Kuchoka pamenepo kukafika paboda tinapanikizana anthu asanu ndi awiri m'kagalimoto kakang'ono, K150 aliyense, bambo wina atakhala mpando umodzi ndi dalaivala.

Paboda anyamata osintha ndalama anandizungulira, aliyense akundisonyeza kakyuleta yake. Ndinapereka K30,000, iwo n'kundipatsa mpukutu umene sunakwane m'kathumba kaja. Chibadwire ndinali ndisanagwirepo ndalama za mazilo ambiri chonchija. Ulemererowo unatha nditangofunsa mtengo wa botolo la chakumwa, atandiuza kuti 2,500 ya ku Zambia.

Ku Chipata ndinagona panyumba ya alendo pafupi ndi depoti, pamtengo wofanana ndi K700 yathu. Lachitatu m'mamawa ndinakwera basi yaikulu ya ku Lusaka, imene inandidyera K3,000 yathu. Tinadutsa Katete ndi Petauke ine ndili phee pawindo. Pa Nyimba nthochi zinkalowera m'mawindo mikoko yathunthu. Kenako msewu unayamba kukhotakhota m'mapiri, kutentha n'kumakulirakulira, ndipo pofika pamlatho wa Luangwa, pamene amayi amayala nsomba zouma m'mbali mwa msewu, khutu linali litayabwa kosapiririka. Ndinatukula duku pang'ono kuti ndikande. Mayi wachikulire amene ndinakhala naye, atafukata nkhuku m'chitenje, anaona.

"Mwana wanga, n'chani ichi?"

Ndinawafotokozera mwachidule.

"Ku Malawi kulibe madokota?"

"Aliko, amayi, koma ndi odula."

"Ndiye wabwera ku Lusaka kufuna zotchipa?" Anaseka mpaka nkhuku inadzidzimuka. "Ise tithawa Lusaka kuyenda kukagula ku Lilongwe!"

Anandigawira nthochi ziwiri. Ndinadya, koma ndinali nditayamba kale kukayika.

Tinalowa mu Lusaka m'ma 3 koloko masana. Chipinda chotchipitsitsa chimene ndinapeza chinali K1,200 patsiku, chitseko chake chotsekera msomali wopinda. Lachinayi m'mawa ndinasonyeza kakhadi kaja kwa makondakitala atatu ndisanapeze minibasi yoyenera. Chipatalacho chinali chaukhondo, chokhala ndi wailesi ya kanema podikirira, ndipo ndisanakhale n'komwe pansi anandilipiritsa K3,000 yoonana ndi dokotala.

Dokotalayo anali mayi wodekha, wolankhula Chinyanja cha kumeneko. Anachigwiragwira chotupacho, nachiyeza ndi kalula.

"Kudula ni pang'ono chabe, mtengo ni wamene uja anakuuzani. Koma ichi chinthu chimabwerera. Mukadula chabe, chizamera futi, kupambana apa. Pakapita masiku teni mubwera tichotse ulusi. Kuchoka apo jakisoni mwezi uliwonse, miyezi sikisi. Munkhala kuti?"

"Ku Chinsapo."

"Ni komboni iti iyo?"

"Ku Lilongwe, adokotala."

Anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana. Jakisoni aliyense anali K2,500. Ndinawerengera mumtima maulendo asanu ndi awiri ngati umene ndinali nditangoyendawu, ndi malo ogona omwe, ndipo zonse pamodzi zinapitirira K100,000. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti mng'ono wawo wa Mayi a Shakira anakwatiwa ku Lusaka konko. Iye ulendo wa jakisoni unali wa minibasi imodzi.

Ndinapempha kuti angondidula, zinazo ndikaonera kwathu. Anapukusa mutu.

"Sinidula khutu yamene sinizaiona futi. Kwanu anakuuzani zingati?"

Ndinatulutsa pepala la dokotala wa ku Lilongwe. Chilandirireni ndinali nditangoona nambala ya pansi, manyazi n'kundigwira, n'kulipinda panayi osafunsa kanthu. Mayiyo analiwerenga akulondola ndi chala: kudula, kuchotsa ulusi, majakisoni asanu ndi mmodzi. Zonsezo zinali mkati mwa K45,000.

"Uyu munzanga sanakudulitseni," anatero pondibwezera pepalalo. "Bwererani kuli yeve."

Ndinathokoza, n'kumanga duku langa. Masana onsewo ndinakhala pabenchi kudepoti nditagula kale tikiti ya mawa lake, ndikuonerera amayi a geni akumanga mabelo awo. Iwo ndalama ya basi amaigawira pa nsapato mazana awiri. Ine ndinali ndi khutu limodzi.

Lachisanu basi inanyamuka 6 koloko. Nsomba za pa Luangwa ndinangozinunkhiza. Paboda anyamata aja anandilandira ngati m'bale wawo, ndipo posinthanso ndalama ndinaona kuti popita ndi pobwera anandidya pafupifupi K2,000. Ndili m'minibasi pa Mchinji ndinawerenga zotsala ndi zala, dzanja lili m'chikwama. Zinali K29,200.

Ndinatsika ku Chinsapo dzuwa litangolowa. Pakhonde ndinapeza agogo ndi Mayi a Shakira, kapu ya tiyi ili pambali, zikuoneka kuti anayamba kalekale kudikira. Agogo sanadikire ndi moni yemwe. Anandikhazika pampando, n'kumasula duku ndi manja awo. Analiyang'ana khutulo nthawi yaitali.

Ndinafotokoza zonse, ndi za malata zomwe, zimene ndinali ndisanawauze.

"Ndiye simunanenerere?" anafunsa Mayi a Shakira. "Anthu aja ukalimba amatsitsa."

Posakhalitsa Mayi a Shakira anakumbukira kuti asiya ndiwo pamoto.

"Denga ndinakudandaulira ine?" anatero agogo titatsala awiri. "Ladontha zaka khumi, ndimangosuntha mphasa. Khutuli ndinaliwononga ndine, Esnati. Ndimafuna ndilione lili bwino maso angawa asanathe."

Zaka zonsezi nkhani ya amene anandiboola sitinaikambepo. Ine ndinkayesa kuti chotupachi ndimachisenza ndekha.

Kwa amene mukulingalira ulendo ngati wangawu, mtengo wa ku Lusaka sunali wabodza, ndipo Mayi a Shakira sananame. Kungoti opaleshoni siithera tsiku lodula. Bala limafuna amene analicheka, ndipo mtunda wopita kwa iyeyo umalowa mumtengo. Ndinachoka pakhomo ndili ndi ndalama yokwanira kuchira, n'kubwerera itaperewera K15,800. Chinkhoswe chinachitika, ndinavala duku lofanana ndi chitenje, anthu n'kumati ndatchena.

Agogo amagulitsa thobwa pamsika, chidebe chimodzi patsiku. Kuyambira sabata yotsatira anayamba kuphika zidebe ziwiri, osandiuza chifukwa. Zaka zawo zapitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo chachiwiricho amachita kubwerera kudzachisenza.