Nsalu Yovundikira Kompyuta

Ndinatha zaka ziwiri ndikusankha zida za kompyuta imodzi, moti ndinatopa nayo ndisanaigule n'komwe. Ndine mlangizi wa zaulimi, tsiku lonse ndimapsa ndi dzuwa m'minda ya mpunga ku Chinguluwe. Chimene ndinkalakalaka ndikaweruka n'chimodzi basi: kukhala pansi n'kusewera gemu ya mpikisano wa magalimoto pa sikirini ya 4K, ija imaonetsa ngakhale timiyala ta mumsewu. Munthu wamkulu ndithu, wa ana awiri. Sekani, anzanga anaseka kale.

Vuto linali thumba. Sikirini yotere imafuna girafiki khadi yamphamvu, chipangizo chimene chimajambula zithunzi za gemuyo, ndipo yatsopano mtengo wake ndi wa njinga yamoto. Ndikati ndasungako, mitengo yakwera. Ndikasunganso, nthawi ya feteleza yakwana. Mapeto ake ndinapita ku Lilongwe kwa bambo wina wogulitsa zida za kaunjika. Pulosesa, ubongo wa kompyutayo, ndinatenga yapakatikati, ramu yoithandiza liwiro yochepa, bokosi loikamo zidazo laling'ono lotchipa, zonsezo kuti ndalama za khadi zikwanire.

"Achimwene, mwati mumakhala ku Salima?" anafunsa wogulitsayo. "Ndiye onjezerani mafani awiri oziziritsa m'bokosimo. Khadi iyi yagwirapo kale ntchito, ikatenthedwa sikhululuka."

"Mafaniwo ndidzagula mwezi wamawa," ndinatero, ndikudziwa bwinobwino kuti ndikunama.

Akazi anga kompyutayo sanailandire. Anaipatsa dzina loti mkazi wamng'ono. Ndikangofika ankati, "Pitanitu bambo, amng'ono aja akudikirirani." Kuseka kunatha m'nyumba. Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinangolamula kuti wina asaikhudze. Zoti chinthucho chimapumira m'timabowo ta m'mbali ndi pamwamba sindinafotokoze. Ndinkaona ngati ndikutaya mawu.

Koma kwathu chinthu chamtengo sichikhala chosavundikira. Wailesi ili ndi nsalu yake, TV ili ndi yake, ngakhale pamwamba pa firiji pali ina. Amaluka okha akazi angawo.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, mphepo ikulowetsa fumbi m'mawindo. M'mawa wina gemu inayamba kukoka zatsopano pa intaneti, ndipo netiweki ya kwathu imayenda ngati ngolo. Ndinaisiya gemuyo ili chitsegulire, n'kungozimitsa sikirini yokha, ulendo wa kumunda.

Madzulo nditalowa pabalaza ndinamva kafungo ka waya wopserera. Kuyang'ana pakona, mayo ine! Kompyuta yavala. Nsalu yoluka ndi ulusi wobiriwira, yochindikala, mkati mwake atasokeramo chitenje, yokwana ndendende mpaka pansi.

Akazi anga anali ataima pakhomo la kukhitchini akumwetulira.

"Ndinkayeza ndi zikhatho inu muli kuntchito," anatero. "Masabata atatu ndikuluka mobisa. Ndati amng'onowa nawonso avale, fumbi lachuluka. Tisamangokangana za iwowa."

Ndinavundukula. Bokosi linali lotentha ngati simbi ya makala. Nditadina batani, kafani kamodzi kamene kanabwera ndi bokosilo kanazungulira, koma sikirini inangokhala bii. Ndinadinanso kachiwiri, kachitatu. Zii. Zaka zanga ziwiri zija!

Mkwiyo unandigwira, mawu ndinali nawo kale, oipa ndithu. Koma nditacheuka ndinaona nkhope yachimwemwe imene ndinali ndisanaione chibwerere makinawo m'nyumba muno.

"Yatani kodi?" anafunsa, kumwetulira kukuyamba kuthawa.

"Magetsi anabwera mwamphamvu masana," ndinatero. "Zimachitika. Koma nsaluyi yokha mwaluka, mayi."

Nditabwerera nayo ku Lilongwe, wogulitsa uja anaiyeza khadiyo n'kupukusa mutu: inali itapsa. "Mafani aja munagula?" Ndinangoitenga n'kubwerera kwathu.

Sikirini ya 4K ija lero ana amaonerapo makatuni, Lamlungu timaonerapo makwaya. Zoyambanso kusunga, kufananiza makhadi, kufunsa mitengo, abale inu, mphamvu zake ndilibe. Ndatopa.

Kompyuta ikadali pakona pomwe paja. Loweruka lililonse akazi anga amachotsa nsalu ija, kuichapa, kuisita, n'kuibwezerapo. "Mukadzaikonzetsa mudzaipeze yopanda fumbi," amatero. Mpaka lero sadziwa. Ine ndimadzuka pampando, n'kuwagwirira mbali inayo kuti ikhale bwino.