Manja Anga pa Minibasi ya ba Chanda

Ndikukumbukira chaka chimene atate anachotsedwa ntchito yonyamula matumba ku mafakitale. Ndinali m'giredi 5, tikukhala ku Chawama mumzinda wa Lusaka, m'zipinda ziwiri za lendi, ndipo chakudya cha masana chinali chitayamba kudumphadumpha masiku.

Banja lathu linkapemphera pa tchalitchi cha njerwa chimene agogo athu ochokera ku Malawi anamanga. Kumeneko a Nkhoma, mphunzitsi wa Sande Sukulu, ankatiuza mofatsa kuti umbombo umayambira m'maso. Ukaona chinthu cha mnzako n'kuchilakalaka, wachimwa kale, ngakhale usanachikhudze. Ine ndinkawakhulupirira, moti podutsa pamsika pamene ankagulitsa nsapato ndinkayenda choweramira pansi.

Tsiku lina azakhali anga, alongo awo a atate amene tinkawatchula kuti ba anti Joyisi, ananditenga kupita kutchalitchi kwawo ku Mandevu. Chinali chitenti chachikulu, zimkuzamawu zikugwedeza pachifuwa. Abusa, atavala suti yonyezimira, ankathamanga uku ndi uku thukuta lili kamukamu.

"Umphawi si wako!" ankafuula motero. "Gwira chamene ufuna, uuze Mulungu kuti ni chako!"

Anthu ankakweza m'mwamba zithunzi za nyumba ndi makiyi a galimoto obwereka, ena akulira. Pobwerera ndinafunsa ba anti ngati kufuna zinthu si tchimo.

"Iwe Esinati, Mulungu ni tate wako," anandiyankha. "Manje mwana azaopa kupempha kuli tate wake?"

Nditafunsa amayi funso lomwelo, anati Mkhristu amapempha cha tsiku lomwelo basi, zinazo n'zosokoneza mtima. Onse awiri ankandikonda, onse ankawerenga Baibulo limodzimodzi, ndipo aliyense ankalankhula mosakayika. Ndinasowa woti ndimutsate.

Pafupi ndi mpopi umene tinkatungapo madzi pankagona minibasi imene ankayendetsa ba Chanda, aneba athu. M'mawa wina, nditaona atate atakhala pampando panja osadziwa kopita, ndinatula chigubu pansi n'kupita pa minibasiyo. Chitsulo chake chinali chozizira, chonyowa ndi mame, chikununkha dizilo. Ndinaikapo manja onse awiri, n'kutsinzina, n'kuyamba kunong'ona monga ndinaonera ku Mandevu. Mtima wina unkandiuza kuti ndikuchimwa, wina kuti ndikusonyeza chikhulupiriro. Nditatsegula maso ndinapeza Kelevini, kondakitala wa minibasiyo, akundiyang'ana atanyamula nsanza yopukutira.

Tsiku lomwelo minibasi inafera pamsewu wopita m'tauni, utsi uli tolotolo.

Madzulo dzuwa lisanalowe, pakhomo pathu panadzaza anthu. Kelevini anali atauza aliyense zimene anaona. Akazi a ba Chanda ankaloza chala ine.

"Aba ba ku Malawi tibaziba! Mwana uyu anaikapo mankhwala!"

Ku Malawi ndinali ndisanapondeko, ndipo atate nawonso anabadwira ku Lusaka konkuno. Komabe amayi ena anayamba kukokera ana awo kumbuyo. Wina anati anditengere kwa mneneri akandichotse ziwanda, ndipo eni nyumba ananena poyera kuti ngati nkhaniyo ndi yoona, tisamuke. Amayi anga anandigwira paphewa.

Atate sanakalipe. Anagwada kuti maso athu alingane.

"Mwana wanga, unkachita chiyani pa galimoto ya eni ake?"

"Ndimapemphera," ndinayankha ndikulira. "Ndimapempha kuti Mulungu akupatseni minibasi."

"Yomweyi?"

"Sindimadziwa ngati ali ndi ina."

Kenako ba Chanda, amene nthawi yonseyi anangokhala pa njerwa manja ali bii ndi oilo, anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Mwana iwe, motoka ija si yanga. Ni ya abwana ba ku Kaunda Square. Naine m'mawa mulimonse nimaigwira so, kupempha kuti siku ina ikankhale yanga."

Anthu ena anaseka, ena anachoka akung'ung'udza. Ine mutu unangozungulira. Ndiye kuti tonse awiri tinkapempha chinthu chimodzi, chimenenso chinali ndi mwini wake, amene mwina nayenso ankachipempherera kuti chisamuchoke. Mulungu akanamvera ndani?

Mawa lake makaniko anapeza kuti injini inapsa chifukwa inayenda yopanda madzi. Kuthira madziwo inali ntchito ya Kelevini, ndipo m'mawa umenewo anaiwala chifukwa chotanganidwa ndi kufalitsa nkhani yanga. Abwana anamuchotsa. Ba Chanda, mwina pochita manyazi ndi zimene akazi awo anatinenera, anafunsa atate ngati angagwire ntchito ya ukondakitala. Atate, munthu wa imvi, anavomera, n'kuyamba kulendewera pachitseko akuitana anthu opita m'tauni.

Ba anti Joyisi anakachitira umboni kutchalitchi kwawo kuti pemphero la mwana layankhidwa, anthu n'kuwomba m'manja. Amayi anati panalibe chozizwitsa chilichonse, koma chifundo cha Mulungu pa banja limene mwana wake anatsala pang'ono kuliyalutsa. A Nkhoma atamva anandiitana pambali n'kundiuza kuti ndilape tchimo la kusirira. Ndinalapa. Madzulo ake ndinadya nkhuku imene atate anagula ndi malipiro awo oyamba, osadziwa ngati ndikudya dalitso kapena phindu la tchimo limene ndinali nditangolapa.

Amene palibe anamutchula ndi Kelevini. Ndinkamuona popita kusukulu atakhala pa sitesheni, akudikira kuti wina amutume. Anali ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Tikakumana maso, iye ankayang'ana kumbali, inenso chimodzimodzi. Patapita miyezi anasamuka, sindinamvenso za iye.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndili ndi kagolosale ku Mtendere, ndipo sindinganame kuti sindifuna kuti kakule. Funso lija sindinalimalize. Sindikhulupirira kuti Mulungu amakondwera mwana akagona ndi njala, komanso sindikhulupirira kuti chilichonse chimene mtima wanga wakhumba ndi changa. Mwina amayi ndi ba anti aliyense anagwira mbali yake ya choonadi. Chimene ndinatolapo n'chaching'ono: nthawi zambiri chinthu chimene ndikupempha chimakhala kuti wina akudyerapo kale. Choncho ndisanagwade, ndimayamba ndadzifunsa kuti ndikalandira ine, amene atabwerere kunyumba chimanjamanja ndi ndani.